Kusunga Ndiwo Zophika M'matumba a M'filiza

Iyi ndi nkhani imene mlangizi wa za m'nyumba anakamba kwa amayi ndi aphunzitsi ku Edingeni, kwao kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, m'boma la Mzimba. Yalembedwa muno kuti a m'midzi yina aiwerengenso.

Anthu onse adziwa kuti amuna ambiri a ku Mzimba apita ku Johannesburg kukagwira nchito, ndipo pakati pa katundu amene iwo atumiza kumudzi sipalephera kupezeka filiji. Chotero masiku ano filiji siiri chinthu chachilendo m'nyumba zimene mwafika magetsi, pa Mzimba Boma, pa Jenda, pa Embangweni ndi pa Edingeni pomwe. Koma munthu akatsegula zambiri za izo apezamo madzi akumwa okha, kapena mbale ya ndiwo za dzulo yosabvundikira. Mwini wache anaononga ndalama zambiri pogula chinthucho, koma nchito yache yeniyeni siinayambe.

Poyamba mayi ayenera kudziwa kuti filiji ya zitseko ziwiri iri ndi zipinda ziwiri zosiyana nchito. Chipinda chachikulu chingoziziritsa basi, ndipo ndiwo zophika zikhalamo bwino masiku atatu kapena anai. Chipinda chinacho ndicho filiza, m'mene madzi aundana ndi kuuma ngati mwala. Iripo filiza yina yaikulu yonga bokosi, yotsegulira pamwamba. Filiza yabwino ifika madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo pa chisanu chotere chakudya chikhala miyezi. Kabokosi kakang'ono kamene kali m'kati mwa filiji ya chitseko chimodzi kawirikawiri sikafika pamenepo, tsono nkosayenera kukadalira posunga ndiwo nthawi yaitali.

Chinthu chachikulu koposa zonse ndi ichi: chisanu sichipha tizirombo toononga chakudya. Chingotigoneka tulo. Ali yense wa ku Mzimba adziwa kuti m'miyezi ya June ndi July njoka sizioneka kawirikawiri, koma palibe munthu wanzeru anganene kuti zinafa, popeza dzuwa la October likatentha zituruka ndi ululu wache womwe uja. Tizirombo ta m'chakudya tichita chimodzimodzi. Ndiwo zikalowa m'filiza zitayamba kale kuonongeka, zidzaturukamo zoonongeka, ndipo zikangosungunuka tizirombo tiyambanso kuswana pamene tinalekeza.

Chifukwa cha ichi ndiwo zofuna kusunga zisakhale pa mtunda kupitirira maora awiri chiphikire. Nyemba zimene zagona mumphika pa mafuwa usiku wonse siziyenera filiza ai. Komanso nkulakwa kulowetsa mphika uli wotentha, chifukwa ufunditsa zina zimene zinauma kale. Njira yache ndi kukhazika mphikawo m'beseni la madzi ozizira ndi kumatakasa, kapena kugawa ndiwozo m'mbale zosazama ndi kubvundikira kuti nchenche zisaterepo. Mpunga ufuna changu choposa, popeza uli ndi tizirombo tina timene sitifa pophika, ndipo mpunga ukakhala wofunda nthawi yaitali titulutsa ululu umene moto sungathe kuuchotsa.

Thumba lache

Sithumba liri lonse liyenera nchito iyi. Majumbo opyapyala a ku msika ang'ambika msanga pa chisanu, alowetsa mpweya, ndipo ambiri, makamaka akuda, sanapangidwe kuti azikhudzana ndi chakudya chophika. Boma linaika lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, ndipo Bwalo Lalikulu la Apilo linabvomereza lamulolo mu 2019. Thumba limene munali feteleza, mbeu yothira mankhwala kapena mankhwala a m'munda lisayandikire chakudya konse, ngakhale litachapidwa kangati.

Matumba eni ake a m'filiza ngochindikala, ndipo ambiri ali ndi kamzere pakamwa kamene katseka munthu akakanikiza ndi zala. Agulidwa m'masitolo akuluakulu monga a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mayi amene mwamuna wache kapena mwana wache ali ku Joni angathe kumuuza kuti aikeko mapaketi angapo m'katundu, popeza salemera ndipo satenga malo. Pamene matumba asowa, chigubu chotsuka bwino cha majarini chokhala ndi chibvundikiro chothina chithandiza ndithu. Thumba limene munali masamba kapena nyemba lingathe kutsukidwa ndi sopo, kuyanikidwa chozondoka ndi kugwiranso nchito, koma limene munali nyama kapena nsomba yaiwisi litayidwe.

Mdani wa chakudya cha m'filiza ndiye mpweya. Amene anaonapo nyama yoturuka m'filiza iri ndi mawanga otuwa, youma ngati chikopa, adziwe kuti mpweya unatsala m'thumba ndi kukoka madzi a nyamayo. Nyama yotere siipha munthu, koma kukoma kwache kwatha. Tsono potseka, mayi asiye kampata kakang'ono pa ngodya, afinye thumba ndi chikhatho kufikira mpweya wonse utaturuka, ndipo pamenepo atseke. Njira yina yosabvuta ndi kumiza thumba pang'onopang'ono m'ndowa ya madzi oyera, kamwa lache liri pamwamba. Madzi akankha mpweya okha. Ndiwo za msuzi wambiri zisadzaze thumba thothotho. Pasiyidwe malo a zala ziwiri, chifukwa madzi atupa poundana, monga aona onse amene anaiwala botolo lodzaza m'filiza nalipeza litasweka.

Thumba likatsekedwa ligonekedwe ndi kuliphwathalitsa kuti likhale ngati buku, losachindikala kuposa chikhatho. Ichi chiri ndi chifukwa chache. Munthu wina wa ku America, dzina lache Clarence Birdseye, anakhala ku Labrador, dziko lozizira koopsa kumpoto kwa Canada, kuyambira m'chaka cha 1912. Kumeneko anaona kuti nsomba zimene eni dziko anali kuwedza zinali kuuma ndi chisanu nthawi yomweyo, ndipo pozisungunula patapita miyezi zinali kukoma ngati za lero. Anazindikira kuti chakudya chikaundana msanga, timiyala ta madzi m'kati mwache tikhala tating'ono ndipo siting'amba mnofu, koma chikaundana mochedwa timiyalato tikula, ndipo posungunuka chakudya chikhala chamadzimadzi. Zakudya zouma ndi chisanu za dzina lache zinayamba kugulitsidwa m'masitolo mu 1930. Thumba lophwathalala liundana msanga, lisungunuka msanga, ndipo matumba otere asanjikizana bwino. Pa chifukwa chomwechi si bwino kulowetsa matumba ambiri atsopano tsiku limodzi.

M'thumba limodzi mulowe ndiwo zokwana kudya kamodzi pa banjalo. Pamwamba pache palembedwe dzina la ndiwo ndi tsiku, chifukwa nyemba ndi nyama yamsuzi zikauma zioneka chimodzimodzi, ndipo palibe mayi angakumbukire za thumba liri lonse. Iyi ndi nchito yabwino kupatsa mwana wa sukulu. Ndiwo zophika zidyedwe isanathe miyezi itatu, kuyambira ndi zimene zinalowa poyamba.

Ndiwo zimene ziyanjana ndi filiza koposa ndizo nyemba. Mayi ali yense adziwa nkhuni zimene nyemba zitha, ndi mtunda umene ayenda kukatola nkhunizo. Amene aphika mphika umodzi waukulu ndi kugawa m'matumba anai kapena asanu wasonkha moto kamodzi m'malo mwa kasanu. Nandolo, khobwe ndi nzama zichita chimodzimodzi. Matimati nawo athandiza kwambiri. Nthawi imene achuruka pa msika wa Jenda mtengo ugwa ndipo ena aolera pomwepo, koma mvula ikakhazikika asowa ndi kukwera mtengo. Mayi awagule pamene atsika, awakazinge ndi anyezi, agawe m'timatumba. Mango osenda ndi kuduladula asungikanso bwino.

Masamba monga nkhwani, khwanya, chisoso, bonongwe ndi mpiru asalowe aawisi. Ayambe aponyedwa m'madzi obwadamuka mphindi ziwiri kapena zitatu, kenaka m'madzi ozizira, ndi kuwafinya. Popanda kutero asintha mtundu ndi kukoma ngakhale ali pa chisanu. Nsinjiro nkwabwino kuthira tsiku lodya. Pamene pagwa ng'ombe pa ukwati kapena pa mwambo wina, nyama iduliridwetu m'magawo a mphika umodzi isanalowe, popeza chimthuli chachikulu chikauma chifuna nkhwangwa, ndipo ikhale pansi pa zophika kuti magazi asadonthere pa izo. Nsima yokha siifuna filiza, ituruka yonyenyeka. Mbatata ya kachewere yophika ndi mazira owiritsa nazonso siziturukamo bwino.

Magetsi akazima

Apa ndi pamene pali bvuto lenileni. Mabuku ambiri onena za filiza analembedwa m'maiko amene magetsi sazimazima. Magetsi ambiri a m'Malawi apangidwa kutali, pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo ayenda ulendo wautali pa nthambo kuti afike ku Mzimba. Mu January 2022 namondwe wochedwa Ana anaononga Kapichira, ndipo dziko lonse linabvutika ndi kuzima kwa magetsi kufikira makinawo anakonzedwa mu 2023. Ngakhale popanda namondwe, mtengo umodzi wogwera pa nthambo nthawi ya dzinja ukwana kuika mudzi mumdima.

Magetsi akazima, chitseko cha filiza chisatsegulidwe, ndipo ana auzidwe zimenezi mwamphamvu. Filiza yodzaza, ikakhala chitsekere, isunga chisanu chache pafupifupi masiku awiri. Yodzaza theka isunga tsiku limodzi. Koma chipinda chongoziziritsa chija chisunga maora anai okha. Chotero filiza yopanda kanthu ndiyo ifooka msanga. Malo otsala adzazidwe ndi mabotolo a pulasitiki a madzi, osadzaza mpaka pakamwa, kuti akauma athandize kugwira chisanu.

Amene achokapo pakhomo masiku angapo angathe kuumitsa madzi m'kapu ndi kuika ndalama yachitsulo pamwamba pache. Akabwera napeza ndalama iri pansi pa kapu, adziwe kuti zonse zinasungunuka ndi kuumanso iye kulibe, ndipo ndiwo za m'menemo nzosakhulupirika.

Magetsi akayaka mayi akhudze thumba liri lonse. Limene likadali ndi timiyala ta chisanu m'kati lingathe kukhala. Limene lasungunuka koma likadali lozizira kwambiri liphikidwe ndi kudyedwa tsiku lomwelo. Limene lafunda litayidwe, osalawa. Mphuno siithandiza pano, popeza tizirombo tambiri todwalitsa m'mimba tiribe pfungo. Kutaya nyama kuwawa mtima, ndipo ambiri anena kuti moto udzakonza zonse, komatu mtengo wa thumba limodzi la nyama sulingana ndi ulendo wonyamula mwana wotsegula m'mimba kupita naye ku chipatala cha Embangweni pakati pa usiku. Ana aang'ono, amayi apakati ndi okalamba ndiwo ayamba kugwa ndi chakudya chotere.

Posungunula, thumba lituruke madzulo ndi kugona pa mbale m'chipinda choziziritsa kufikira mawa. Wofulumira alimize m'madzi ozizira liri chitsekere ndi kumasintha madziwo, kapena akhuthulire ndiwo zoumazo mumphika momwemo pa moto wochepa. Kuika thumba pa dzuwa kapena pa thandala nkosayenera, chifukwa kunja kufunda ndi kuyamba kuonongeka m'kati mukadali mwala. Ndiwo zibwadamuke kufikira pakati pomwe patatentha, ndipo zotsala pa izi zisabwererenso m'filiza.

Mau ena apite kwa amayi amene aumitsa timatumba ta zakumwa zotsekemera ndi kugulitsa kwa ana a sukulu. Chisanu sichiyeretsa madzi. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madzi oipa ndiwo njira yache yaikulu. Madzi opangira zakumwazi ayambe awiritsidwa kapena kuthiridwa mankhwala a klorini, manja asambidwe ndi sopo, ndipo kathumba kasafufumitsidwe ndi pakamwa pofuna kukatsegula. Aphunzitsi achita bwino kufunsa za ichi kwa ogulitsa pa sukulu zao.

Kubwera kwa filiza kusachititse mayi kuleka kufutsa. Mfutso wa m'chikwatu, bowa woyanika ndi nyama yowamba sizidikira magetsi, ndipo banja limene liri nazo lidya bwino ngakhale nthambo zitaduka sabata lathunthu. Kuli bwino kuti masamba ambiri apite pa mphasa monga kale, ndi kusiyira filiza zimene dzuwa silingathe kusunga bwino, monga nyemba zophika, nyama yamsuzi ndi matimati okazinga. Amene alibe filiza napempha malo kwa mnansi alembenso dzina lache pa thumba, ndipo agwirizane kale za chimene adzachita ndi ndiwozo magetsi akazima mwini wache ali ku munda.