Mnyamata Wokana Nsima

Lero tikambirana za matenda amene amachititsa munthu kuopa chakudya.

M'tauni ya Kafue, m'mene mabanja ambiri akhala akudalira ntchito za m'mafakitale monga ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, mwamuna amatamandidwa chifukwa cha nyonga zake. Akayamba kuonda, anthu amanong'onezana za chifuwa chachikulu, Edzi kapena ufiti. Komatu alipo anyamata ndi abambo ena amene amaonda nsima ili pamaso pawo. Ena amadzimana chakudya poopa kunenepa, ngakhale nthiti zikuwerengeka. Madokotala amatcha matendawa anorexia nervosa. Ena amadya mopyola muyeso, kenaka nkukadzisanzitsa mobisa. Amenewa ndi bulimia nervosa.

Musamvere amene amati awa ndi matenda a atsikana okha. M'chaka cha 1689 dokotala wa ku London, Richard Morton, analemba za odwala awiri otere, ndipo mmodzi anali mnyamata wa zaka 16.

Ana inu, pathumba la feteleza wa D Compound pamalembedwa N, P ndi K. K ameneyo ndiye potaziyamu, mchere umene chimanga chimafuna. Mtima wanunso umaufuna kuti uzigunda bwino. Munthu wosanza tsiku ndi tsiku amataya mcherewu, ndipo mtima wake ungathe kuima mwadzidzidzi. Asidi wa m'mimba nayenso amawononga mano.

Chomvetsa chisoni nchakuti mnyamata amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. Amamvanso anzake akutonzana ndi dzina la Chainama, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Lusaka. Nanga iye angaulule bwanji? Amangokhala chete, matenda nkumakula.

Aphunzitsi, yang'anirani mwana amene amagawira anzake kamba wake yense masiku onse, amene amathamangira kuchimbudzi akangodya, kapena amene amamva kuzizira dzuwa likuswa mtengo. Poyamba fufuzani ngati kwawo kuli chakudya, pakuti ana ambiri amaonda ndi njala yeniyeni. Ngati chilipo, musamdzudzule pamaso pa anzake, ndipo musamdyetse ndi mkwapulo. Lankhulani naye pambali, muitane makolo ake, ndipo apite naye kuchipatala, kumene akayambe amuyeza chifuwa chachikulu, shuga ndi njoka za m'mimba, asanamtumize kwa odziwa za maganizo.

Ndipo inu ana, mukaona mnzanu akuchita zotere, kauzeni aphunzitsi mwakachetechete.