Tinyongolotsi ta mu mchenga ndi riziki lathu

Chidule cha khutuba ya Ijumaa ku Ndirande, Blantyre

Tikumuyamika Allah Subhanahu Wata'ala, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (SAW).

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ambiri mwa ife kuno ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa kwathu ndi ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota. Tinakulira pa nsomba, koma ndi ochepa amene tinadzifunsapo kuti nsombayo imadya chiyani.

Pansi pa nyanja, pamene pamamera udzu wa m'madzi, mumchenga mumakhala tinyongolotsi ndi timphutsi tosaoneka bwino ndi maso. Timadya zowola, ndipo chisawasawa chimafukula mchengawo nkutidya. Mu udzu womwewo ndi momwe ana a nsomba amabisala mpaka atakula. Sura ya Al-An'am, ndime 38, ikutiphunzitsa kuti zolengedwa zotere nazo ndi mitundu ngati ife anthu. Allah sanatilenge chabe timeneti. Anatiika poyambira pa njira imene riziki lathu limadzera.

Khoka la maso ang'onoang'ono, kapena masikito, likamakokedwa pansi limazula udzuwo ndi kusesa kasawala yemwe akanadzakhala chambo. Tikumbuke nyanja ya Malombe. M'zaka za m'ma 1980 inali yodzaza ndi chambo, koma pofika 1993 chinali chitasowa kotero kuti boma linayamba kukhazikitsa makomiti a asodzi m'madoko. Sura ya Ar-Rum, ndime 41, inatichenjeza kale za chionongeko cha pamtunda ndi panyanja chochokera m'manja mwa anthu.

Tisaloze chala msodzi yekha. Iye amakoka chifukwa ife kuno ku Blantyre timagula. Amene amagula kasawala pamsika chifukwa ndi wotchipa wagwira nawo chingwe cha khokalo, ngakhale sananyowe mapazi.

Chitsanzo chabwino chilipo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira m'ma 1950, kuti nsomba ziswane.

Choncho tileke kugula ana a chambo. Abale athu a kunyanja, lemekezani nyengo yotseka usodzi, ndipo masikito abwerere pogona kukateteza ana ku malungo. Nyanja ndi amana imene tidzafunsidwe pa Tsiku la Kiyama.

Allah atikhululukire ndipo atidalitsire riziki la halali. Amina.