ZA MWINI KANTINI PA CHILEKA NDI PA LIRANGWE

Mau onenedwa pa msonkhano, pamaso pa Mafumu ndi ziwalo za Bungwe

A Pampando, Mafumu athu a Kuntaja, a Kunthembwe, a Kapeni, a Lundu ndi a Chigaru, ndi inu nonse abale: ndapatsidwa nthawi kuti ndinene za munthu wophika nsima ya malonda, ndiye mwini kantini, amene lero ena amucha mwini lesitilanti.

Nchito imeneyi inadza ndi alendo. Njanji yocokera ku Blantyre inapyola pa Lirangwe nifika ku Salima m'caka ca 1935, ndipo m'zaka zomwezo ndege zinayamba kutera pa Chileka. Pamenepo anacuruka apaulendo amene analibe mbale wakuwaphikira. Nkhondo itatha mu 1945, asilikari ena a K.A.R. anabwera ndi ndalama zao namanga makantini a tiyi. Kuyambira pamenepo njira ya mwini kantini iri imodzimodzi: ayamba ndi dengu la zitumbuwa m'mbali mwa mseu, akapindula pang'ono agula ketulo ndi makapu, pambuyo pace amanga cisakasa, naika mabenchi, naphika nsima ya nyemba, usipa kapena nyama ya mbuzi.

Koma munthu ameneyu ali nao adani awiri. Woyamba ndi njala. M'caka ca 1949 mvula inaleka pakati pa dzinja, cimanga cinauma cisanabereke, ndipo dziko lathu lino la Lunzu ndi Lirangwe linasauka koposa. Boma linaletsa kufulula mowa, ndipo akazi amene anali kudyetsa ana ao ndi malondawo anatsala manja lende. Nkhokwe za m'midzi zikauma, mphika wa m'kantini uumanso. Taonanso zotere masiku ano: mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100, mafuta ophikira ndi shuga zinakwera, ndipo mu 2024 kunadza cilala. Mwini kantini sangakweze mtengo monga afunira, pakuti omgula ndiwo akabaza ndi aganyu. Cotero acepetsa mtanda kufikira ogula amthawa.

Mdani waciwiri ndife eni ace. Mlamu adza nadya, nduna ya mfumu idza nidya, ndipo onse anena mau amodzi, kuti, Lembani m'buku. Makolo anati kupatsa nkuika, ndipo mau awa ngoona pakhomo. Koma wa sitolo wogulitsa ufa ndi mcere salandira cibale m'malo mwa ndalama. Njala igwetsa kantini caka cimodzi. Ngongole ya abale iidya tsiku ndi tsiku monga ciswe.

Cifukwa cace ndipempha zinthu zitatu. Coyamba, Mafumu akapatsa munthu malo pafupi ndi msika, pakhale kalata ndi mboni, kuti asacotsedwe atamanga kale. Caciwiri, pa malowo pakhale mjigo ndi cimbudzi, pakuti kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa kuti madzi oipa apha wogula, naononga dzina la wophika. Cacitatu, ife a Bungwe tipangane pano kuti yense wakudya alipire asanadzuke pa benchi, angakhale ndi mkuru.

Ndalama zimene tilipira sizipita kutali: zigula nkhuni, matimati ndi mbuzi za m'midzi mwanu momwe, Mafumu, ndipo ziphunzitsa ana athu.

Mau anga athera pamenepa. Ndiwasiya m'manja mwanu kuti muwaweruze.