Ndere za M'nyanja ndi Mafuta Oyeretsa Khungu

Pa misika ya ku Chitungwiza, monga pa Makoni ndi pa Chikwanha, pamene zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi zimagula pamodzi ndi eni dziko, mafuta oyeretsa khungu sasowa. Masiku ano opanga mafuta otere m'maiko akutali ayamba kutama ndere za m'nyanja yamchere, nati izi zimayeretsa munthu popanda kumupweteka. Mau amenewa ayenera kuyesedwa bwino.

Chimene chimadetsa khungu chitchedwa melanin. Chimapangidwa m'timaselo tina ta m'khungu momwemo, ndipo mmisiri wake wamkulu ndiye tyrosinase. Iyeyu akalefuka, melanin amachepa. Tsono akatswiri a ku Korea anatenga ndere yofiirira yotchedwa Ecklonia cava, yomera m'mbali mwa chisumbu cha Jeju, nachotsamo mankhwala otchedwa dieckol. Atawathira pa maselo a mbewa osungidwa m'timbale, melanin anachepadi. Ku Japan nako, mu 2010, ena anadyetsa mbira mankhwala a m'ndere otchedwa fucoxanthin, naziika pa nyali yotentha khungu monga dzuwa, ndipo sizinade monga zinzake.

Izi n'zoona, koma mbira si mayi wa ku Zengeza amene adzadzola m'mawa ndi madzulo zaka khumi. Hydroquinone nayenso amalefula tyrosinase yemweyo, ndipo poyamba anthu anamuyamikira kwambiri. Mu 1975 Dr. Findlay ndi anzake ku Pretoria analemba za amayi amene anadzola mankhwalawa nthawi yaitali: masaya awo anada bii koposa kale, nakhala a zitupsa, ndipo mabalawo savuta kubwera koma avuta kuchoka. Boma la South Africa linaletsa mankhwalawa m'mafuta odzola mu 1990. Komanso chithunzi cha ndere pa botolo sichinena zonse zimene zili m'katimo. M'mafuta ambiri a mumsewu mwapezeka mercury, amene amawononga impso.

Ngakhale nderezo zitagwira ntchito monga anenera, chimene zichotsa ndicho chishango. Melanin amatchinga kuwala koopsa kwa dzuwa kuti kusapyole khungu. Anthu achialubino, amene matupi awo sapanga melanin wokwanira, adziwa mtengo wake: ambiri a iwo amadwala khansa ya pakhungu asanakalambe, ndipo popita kumunda m'mwezi wa October ayenera kuvala chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali.