PHULA LOTETEZA GALIMOTO KU MVULA

Lero tikambirane za phula limene amapaka pagalimoto.

Nonse mumamudziŵa bakha. Akatuluka m'madzi sanyowa ayi, chifukwa amadzoza nthenga zake mafuta ochokera pafupi ndi mchira. Madzi sagwirizana ndi mafuta. Akagwera pamafuta safalikira, koma amaundana timadontho tozungulira n'kugubuduka.

Phula nalonso limatero. Utoto wa galimoto umaoneka wosalala, koma uli ndi timaenje tosaoneka ndi maso. M'menemo mumakhala madzi ndi fumbi, ndipo utoto ukaonongeka, chitsulo chimachita dzimbiri. Phula limatseka timaenjeti. Phula lotchuka ndi la carnauba, lochokera kumasamba a mtengo wonga mgwalangwa wa ku Brazil. Limeneli limatha pakapita miyezi iŵiri kapena itatu. Masiku ano kulinso mankhwala a silika, yemwe amapezeka mumchenga, ndipo ameneŵa amakhala zaka.

Inu amene mumatsuka magalimoto, mverani. Yambani mwatsuka ndi kupukuta bwino. Pakani phula pang'ono muli pamthunzi, chifukwa padzuŵa limauma msanga. Musatsuke ndi sopo wochapira zovala, amachotsa phula.

Chachikulu ndi ichi: musapake phulali pagalasi lakutsogolo. Mvula ikamagwa usiku galasi limachita chifunga, dalaivala saona msewu, ndipo ngozi imachitika. Galasi lili ndi mankhwala akeake.

Kodi mungadziŵe bwanji kuti phula latha? Thirani madzi paboneti. Akaundana timadontho, likadalipo. Akafalikira, pakaninso.