Khola Liyambe, Nkhuku Zibwere Pambuyo

 Tapemphedwa kuti tilankhule za kuweta nkhuku zochepa kuseri kwa nyumba, ndipo mawu athu ndi amodzi okha: musagule nkhuku musanakonze pogona pake.

Tonse tikudziwa m'mene Mbayani alili. Nyumba n'zothithikana, malo ambiri ndi otsetsereka, ndipo ambiri a ife tikukhala m'nyumba za lendi. Kumudzi nkhuku imayenda tsiku lonse osalakwira munthu, koma kuno ikangoyenda pang'ono yalowa kale m'ndiwo za mnansi, mlandu n'kuyambika. Kukada, poopa akuba, ena amazivundikira ndi dengu m'khitchini kapena m'chipinda chogona ana. Apa ndi pamene pali ngozi. Zitosi za nkhuku zimakhala ndi tizilombo totsegula m'mimba, ndipo mwana wokwawa satola chinthu osachiika m'kamwa. Utitiri nawo susankha nkhuku kapena munthu. Tsono mazira amene timafuna kuti amange thupi la mwana, mwanayo n'kuwalipira ndi matenda.

Choyamba, yesani malo anu, ndipo malowo ndiwo akuuzeni chiwerengero cha nkhuku. Pogona pa mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pakwana nkhuku zitatu kapena zinayi basi, ndipo kunja kwake pafunika kabwalo kotchinga, kokulirapo, koti zizipalasamo masana. Nkhuku zikapanikizana zimajomphana, zimathothola nthenga ndi kuswa mazira. Ngati cholinga chanu ndi mazira akudya, tambala safunika, pakuti thadzi limaikira ngakhale palibe tambala. Tambala afunika pokhapokha mukufuna anapiye, ndipo muyambe mwaganizira tulo ta anansi anu.

Chachiwiri, sankhani pakati pa khola la m'mwamba ndi khola lapansi. La m'mwamba limaimikidwa pa mizati inayi, kutalika ngati mita imodzi kuchokera pansi, ndipo pansi pake pamayalidwa nsungwi kapena timatabwa mosiya mipata yolowa chala, kuti zitosi zizigwera pansi. Ili ndilo loyenera pa malo otsetsereka ndi a matope. Sitinaiwale namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, pamene madzi anayenda m'mabwalo ndi m'nyumba muno mu Blantyre. Ngakhale mvula ya masiku onse ya mu Januwale ndi Febuluwale imakwana kusandutsa khola lapansi kukhala thope. Amene muli pa malo ouma mungathe kumanga lapansi ndi njerwa, koma mukweze pansi pake, mukumbe ngalande mozungulira, ndipo muyalemo utuchi wa kwa akalipentala kapena mankhusu a mpunga. Anapiye okha musawaike pa nsungwi za mipata, chifukwa timiyendo tawo timakodwa. Iwo awakonzere pawo, pansi pouma, pamodzi ndi make.

Chachitatu ndi mpweya. Ena amamanga khola lokongola ndithu, lotseka ponseponse ngati bokosi, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nkhuku ilibe thukuta. Kukatentha imangoyasama ndi kutambasula mapiko, ndipo m'khola la malata lopanda zenera ingathe kufa ndi dzuwa la mu Okutobala. Siyani mpata wa waya m'mwamba, pafupi ndi denga, kuti fungo ndi kutentha zizituluka. Komanso mphepo isamawombe nkhuku pamene zagona, makamaka chiperoni cha mu Juni ndi Julaye. Nthawi imeneyo mungathe kupachika thumba mbali yochokera mphepo. Nayi njira yoyesera: lowetsani mutu wanu m'kholamo m'mamawa. Ngati fungo likuyabwa m'maso mwanu, dziwani kuti nkhuku zakhala zikupuma zomwezo usiku wonse.

Chachinayi ndi adani. Wamkulu kuno kwathu ndi wa miyendo iwiri, choncho chitseko chikhale cholimba, cha loko, ndipo khola likhale pamene mungamve nkhuku zikalira usiku, koma lisagundane ndi khitchini kapena malo osungira madzi akumwa. Makoswe amadya chakudya ndi kupha anapiye. Kulungani chilata chosalala pa mzati uliwonse kuti aziterereka, ndipo musasiye madeya m'khola usiku. Agalu amakumba, tsono waya wa kabwalo alowe pansi pang'ono. Mphamba ndi akhwangwala amatsika kuchokera kumwamba, choncho kabwalo ka anapiye kafoleredwe. Koma tikupempheni, amayi: neti imene tinalandira kuti itchinge udzudzu ndi ya ana athu, si ya nkhuku.

Chachisanu, za m'kati. Nkhuku imakonda kugona pamwamba, ndiye pingasani mtengo wosalala, wonenepa ngati mpini wa khasu, ndipo iliyonse ipeze danga loposa chikhatho chotambasula. Chisa choikiramo mazira chikhale pa ngodya yamdima, chachikulu masentimita 30 mbali zonse, muli udzu wouma. Chisa chimodzi chikwanira nkhuku zinayi. Thadzi likafungatira limakhala masiku 21, ndipo lifunika chisa chakechake kuti anzake asamaikiremo. Madzi oyera asasowe, pakuti nkhuku yaludzu imasiya kuikira. Koposa zonse, khomo likhale lalikulu loti tsache ndi mkono wanu zifike ngodya zonse. Walira mvula walira matope: wofuna mazira avomere kusesa. Mukasesa wazani phulusa m'ming'alu mobisala tizilombo, siyaninso phulusa ndi mchenga pa kabwalo kuti nkhuku zizisambamo, kenaka sambani m'manja ndi sopo. Zitosi musataye mu ngalande. Ziunjikeni ziwole kaye, chifukwa zaziwisi zimawotcha mbewu, ndipo zikawola ndi manyowa abwino a mpiru ndi tomato wodzala m'matumba.

Chotsiriza ndi chitopa, chimene ena amati chideru, matenda amene amasesa makola makamaka m'miyezi yotentha mvula isanagwe. Chitopa chilibe mankhwala ochiza, koma chili ndi katemera wotchedwa I-2, wodonthezera dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse. Apa khola lithandiza pawiri. Nkhuku zogona m'khola n'zosavuta kugwira pa tsiku la katemera, ndiponso sizisakanikirana ndi zodwala za m'njira. Nkhuku yatsopano, kaya mwagula pa msika, kaya mwapatsidwa kumudzi, isalowe m'khola tsiku lomwelo. Ikhale payokha milungu iwiri muyione kaye. Amene mufuna nkhuku zakuda zija za Mikolongwe, zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp ndipo zinatchuka chifukwa cha famu ya boma ya ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, dziwani kuti n'zazikulu thupi kuposa zachikuda, zimaikira kwambiri, koma zifuna malo okwanira ndi chakudya chokwanira. Funsani alangizi a ziweto musanagule, paja safunsa anadya phula.

Amayi anzathu, musanakhome msomali woyamba, kagwadeni kwa eni nyumba, muwauzenso anansi. Ndipo ngati ndalama ya waya ndi loko yavuta, tichite monga tichitira pa chipereganyu: mwezi uno tisonkhe timange khola la mayi mmodzi, mwezi wamawa la wina. Pofika chikumbutso cha chaka chamawa tidzawerenge makola amene aima ndi ana amene akudya dzira.