Tisadikire kuti damu ligumuke



Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana anadzaza mtsinje wa Shire mpaka madzi anagumula mbali ina ya damu la Kapichira ku Chikwawa. Dziko linataya magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130, ndipo makina a EGENCO kumeneko sanagwirenso ntchito mpaka 2023. Ngati damu lomangidwa ndi akatswiri linagonja, nanga madamu athu adothi amene timathirira madimba?

Damu ladothi limagumuka madzi akasowa potulukira n'kuyamba kudutsa pamwamba pa khoma. Choncho tilambule ngalande yotayira madzi mvula isanagwe. Tisaitseke ndi matumba a mchenga pofuna kusunga madzi ambiri. Pakhoma tibzale kapinga, osati mitengo, chifukwa mizu ikaola imasiya mabowo. Chulu cha chiswe nacho tisachilekerere.

Tikaona madzi amatope akutuluka kunsi kwa khoma, ndiye kuti dothi likukokoloka mkati. Tichenjeze anzathu akumunsi msanga, ndipo tidziwitse alangizi tsiku lomwelo.

Boma nalo lili ndi udindo. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Tikupempha bungweli pamodzi ndi khonsolo ya Mangochi kuti akatswiri aziyendera madamu athu chaka chilichonse dzinja lisanafike. Makomiti athu akapereke pempholi polemba kalata.